Impso ya Kumanzere

Lolemba, 1 Seputembala

Kuchipatala kuyambira m'mawa. Magazi, mkodzo, sikelo, kujambula m'mimba. Mafuta ozizira aja amapaka pamchombo. Dokotala wandionetsa pa kanema tinthu tiwiri totuwa, akuti ndi impso zanga, zonse zabwinobwino. Adzatenga ya kumanzere. Ndayang'ana ngati ndikuona nyemba za m'munda wa eni ake.

Ya kumanzereyo ikupita kwa Chigubu, mchimwene wanga wamng'ono. Zake zinaima chaka chatha. Katatu pa mlungu amakagona pa makina otsuka magazi, theka la tsiku. Achimwene aakulu ali ndi shuga. Alamu, akazi ake a Chigubu, magazi awo sagwirizana ndi ake. Amayi akalamba. Tsiku lomwe tinakhala pabalaza kwa amayi kuti tikambirane, maso onse anathera pa ine, ndipo ndinangoti "ine" monga amayankhira mwana wasukulu akaitanidwa dzina. Anandiwombera m'manja.

Pomaliza lero, kachipinda ka anesi a magalasi, amene amayang'anira anthu opereka. Anatseka chitseko. Mawu awo ndawasunga: "Mukhoza kubweza mawu anu nthawi ina iliyonse, ngakhale titakugonekani kale pa bedi la opaleshoni. Sitifunsa chifukwa. Kwa abale timangoti madokotala aona kuti si woyenera kupereka, basi." Akuti amauza aliyense choncho, ndi mmene amagwirira ntchito.

Ndinaseka. Ndinati ine sindine wobweza moto.

Basi yodzaza. Phazi la munthu pa phazi langa ulendo wonse. Sindinalichotse.

Lachinayi, 4 Seputembala

Kuntchito. Nthunzi, fungo la sopo, malaya oyera a anthu a m'maofesi mulu kufika m'chiuno. Nsimbi yanga yayamba kudontha madzi pa chingwe, ndanena kawiri.

Ndawauza abwana za tchuthi cha opaleshoni. "Mwezi ndi theka? Nsimbi idikira, koma makasitomala sadikira." Sanavomere, sanakane. Eni nyumba nawo za impso sakuzidziwa, iwo amadziwa tsiku lotha mwezi.

Bambo wina wabweza jekete, akuti kolala sinagone. Ndaiwaza madzi, nsimbi, yagona, watenga. Kuno kubweza n'kwa tsiku ndi tsiku. Tsiku lonse mawu a anesi aja amangondizungulira m'mutu. Mbale ya aneba umabweza. Chovala cholakwika umabweza. Zonsezo zili ndi kwawo, pali dzanja lozilandira. Nanga mawu ukawabweza amapita kuti? Amene unamupatsa anawagwiritsa kale ntchito. Anga aja Chigubu anawadya tsiku lomwelo, nkhope mpaka inasalala.

Sindikuganiza zobweza. Ndikungoganiza za liwulo.

Lamulungu, 7 Seputembala

Kwa amayi. Andikhazika pa mpando wa malemu bambo, wa khushoni uja sakhalapo munthu. Alamu sandilola ngakhale kunyamula mbale. "Khalani pansi alamu, inu ndi dzira lathu." Andisendera lalanje ngati ndilibe zala.

Chigubu pa sofa, mapazi otupa pa kampando. Khungu latuwa, koma pakamwa mpomwe paja. Nditatambasula dzanja kuti nditenge mchere: "Achemwali, mcherewo pang'ono, mundiwonongera katundu wanga." Aliyense kuseka. Inenso. Kuseka kwanga ndimakumva ngati kukuchokera chipinda china.

Popemphera amayi anatchula dzina langa katatu, lake kamodzi. Potiperekeza: "Chibale ndi fupa, mwana wanga, sichiola."

Kadona, mwana wanga yekhayo, anatsamira paphewa panga m'basi. Wadutsa zaka makumi awiri koma sanasiye zimenezi. Fungo la mankhwala a tsitsi a ku saluni komwe amagwira ntchito. Akuti anzake onse akudziwa kuti amayi ake ndi ngwazi.

Ndafufuza mumtima. Mantha mulibe. Chimwemwe mulibe. Muli zii ngati m'nyumba yomwe anthu asamuka.

Lachiwiri, 9 Seputembala

Tsiku aika, pakati pa Okutobala.

Ndinapempha kuweruka masana, ndakakhala ndi Chigubu pa makina. Chipinda chachitali, mipando yogonamo m'mizere, aliyense ndi makina ake. Timapaipi tiwiri pamkono. Magazi kutuluka, kuzungulira, kubwerera. Palibe amene amayang'ana mkono wake. Kanema pakhoma, wopanda mawu.

Madzi amachita kumuyezera. Kabotolo kamodzi tsiku lonse, tiyi ndi msuzi zomwe zili m'muyezo womwewo. Chigubu ameneyu! Dzinalo ndinamupatsa ndine ali mwana, chifukwa ankamwa kapu yake, n'kumwa yanga, n'kulirira ina. Mu minibasi yomwe ankayendetsa simunkasowa botolo lalikulu kunsi kwa mpando. Lero amangoyamwa kachidutswa ka ayisi, maso atatsinzina, ngati switi.

Wati akadzachira, choyamba adzaima pa mpopi mpaka mimba ilire. Chachiwiri adzandigulira nsimbi yangayanga, nditsegule malo anga, ndisiye kulemeretsa abwana. Ndati uyambe wabweza ketulo yanga unabwereka pa ukwati wako. Wati katundu wa pachibale sabwezedwa.

Mayi wa mpando woyandikana naye anamva kuti ndine wopereka. Anandigwira dzanja osalisiya. Iwo alibe aliyense. Ndinadikira kuti alisiye.

Lachisanu, 12 Seputembala

Ndawotcha diresi ya kasitomala. Yobiriwira, nsalu yoterera. Ndinaika nsimbi, n'kungoima. Sindinkaganiza kanthu. Mnzanga wa pa makina ochapira ndiye anakuwa atamva fungo. Chithunzi cha nsimbi chonse chatsala pamsana, ndi timabowo take tomwe. Zaka zonsezi sindinawotchepo ngakhale mpango. Abwana adula pa malipiro. Sindinatsutse.

Thupi layamba zake. Ndikamasamba, dzanja limazemba mbali ya kumanzere. Ndikafika pa bucha ndimawoloka msewu. Chakudya chimangokhala m'kamwa osatsika. Koma mutu uli phee, ukuti zonse zili bwino.

Kadona anafunsa kuti adzacheka pati. Ndinamuonetsa. Anaikapo chikhatho, chofunda. Ndinachichotsa msanga kuposa mmene ndinafunira. Sanazindikire, anali kale pa foni.

Loweruka, 13 Seputembala

Sindikumuda. Ndalemba kuti ndione ngati n'zoona. Sindikumuda. Chigubu ameneyu ndinamubereka kumsana ali mwana, ndinamupukuta mamina. Kufa sindikuopa. Dokotala anati anthu amakhala bwinobwino ndi imodzi, ndipo ndikumukhulupirira.

Kungoti palibe anandifunsa. Anandiyang'ana.

Mwamuna anapita kalekale. Nyumba ndi ya lendi. Nsimbi ndi ya abwana. Chinthu chokha chapadera chomwe ndinali nacho, osadziwa n'komwe, ena achipezera kale ntchito.

Sopo watha. Babu la kubafa lapsa.

Lolemba, 15 Seputembala

Alamu abwera madzulo ndi jumbo. Chovala chogonera chatsopano, cha maluwa apinki, ndi masilipasi. Zokavala kuchipatala. "Musakagone ndi zakale ngati mulibe abale." Ndikudziwa mmene zinthu zilili kwawo, ndolo zawo zija sindinazione m'makutu.

Anandikakamiza kuyesa. Ndinaima pakati pa chipinda, manja lende, iwo ndi Kadona akundizungulira. Chandikwana. Ndachipinda, chili pansi pa sutikesi.

Lachinayi, 18 Seputembala

Ndabweza.

Sindinakonzekere. Ndinapita kukayezetsa bipi monga anandiuzira. Potuluka ndinaona chitseko cha anesi a magalasi chili chotsegula. Miyendo inalowa yokha. Ndinati, "Mawu aja ndabweza." Ndinkayembekeza kuti china chake chigwa, denga kapena ineyo.

Anavula magalasi, kuwapukuta ndi nsonga ya yunifomu. "Chabwino, mayi. Ndamva." Anangofunsa ngati pali wina wandiopseza. Ndinati ayi. Ngati ndikufuna tiyi. Ndinamwa tiyi, wa shuga wambiri. Akuti dokotala adzawauza abale Loweruka, ine ndisavutike kunena kanthu.

Kupereka mawu kunafuna banja lonse, pemphero, miyezi ya masingano. Kubweza, nthawi yomwera kapu ya tiyi.

Chipinda cha makina chili pakhonde la potulukira. Lachinayi ndi tsiku la Chigubu. Ndinatulukira chipata cha kumbuyo, kwa zinyalala.

Lamulungu, 21 Seputembala

Anawauza dzulo. "Madokotala aona kuti si woyenera kupereka." Mawu omwe aja, osachotsa osawonjezera.

Ndinapita kwa amayi nditavala zilimbe, kudikira kuti wina andiyang'ane m'maso n'kuona. Palibe. Alamu anandikumbatira pakhomo akulira. "Pepani alamu, munayesetsa." Kupepesa ine. Mpando wa bambo womwe uja. Lalanje losendasenda.

Ndinatenga chovala chogonera chija kuti ndiwabwezere, mwina angakachigulitse. Akana. Akuti mphatso sabweza. Chabwerera pansi pa sutikesi.

Chigubu: "Katundu wanga wakanidwa pa sikelo. Ndinanena ine za mchere." Anaseka yekha, kenako anapita kukagona dzuwa lili pamutu.

Chomwe sindinachiganizire ndi amayi. Anandikokera kukhitchini. Akufuna kudziwa kuti andipeza ndi chiyani. Ndati palibe chachikulu. "Akanakukana popanda chifukwa? Ndiye kuti ndili ndi ana awiri odwala impso." Ayamba kusala kudya Lachitatu lililonse chifukwa cha ine. Munthu wa mapilisi a bipi, amene samwa mimba ili yopanda kanthu.

Ndinangoti zikomo amayi.

Lolemba, 22 Seputembala

Ndawauza abwana kuti tchuthi chija sichikufunikanso. "Mwaona, Mulungu akudziwa kuti mwezi wamawa tili ndi zovala za maukwati." Mnzanga wa pa makina ochapira wandigulira chakumwa chozizira, akuti ndisadandaule.

Kuyambira Lachinayi ndikugona tulo tofa nato. Ndikudya. Dzulo ndinapempha zowonjezera. Lero mulu wonse wa malaya ndamaliza dzuwa lisanapendeke, makolala ali nganganga. Manja abwerera.

Manyazi ndikuwadikira ngati mlendo amene anati abwera. Mwina madzulo, mwina Loweruka. Sakufika. Ndine munthu wanji ine.

Lachinayi, 25 Seputembala

Amayi atulukira kuntchito. Mabasi awiri, ndi miyendo yawo ija. Botolo la madzi owiritsa m'chikwama, akuti ndizimwa amenewa, a pa mpopi ndiwo atipha. Kenako molunjika kwa abwana. Ndinawamva kudutsa phokoso la makina: "Mwana wangayu ndi wodwala, simungamuimike tsiku lonse ngati mlonda."

Abwana, amene sanapatsepo munthu ngakhale panado, atulutsa kampando kakatali ka pa kauntala. Ndasita nditakhala. Msana wapumula, ndisaname. Zaka zonsezi ndimapempha kampando kameneka.

Masaya a amayi alowa. Dzulo linali Lachitatu. Ndinawaperekeza pokwerera basi. Mawu analipo, anafika mpaka pa mano. Basi inabwera.

Madzi owiritsa ndamwa. Akoma ngati chitsulo.

Lachiwiri, 30 Seputembala

Sindinalembe. Panalibe cholemba. Ntchito, basi, nyumba.

Alamu anaimba foni. Mtsempha wa pamkono wa Chigubu pomwe amabaya watsekeka, amuika paipi pakhosi. Wagonekedwa. Ndinapita ndi nthochi, kuiwala kuti nthochi samulola. Anapatsa mayi wokolopa.

Waonda m'mapewa, watupa m'miyendo. Za katundu sanasekenso. Anafunsa za ine, ngati andipatsa mankhwala, ngati ndikupuma mokwanira. "Mudzisamale achemwali, banja lino impso zathu n'zachinyengo." Nthawi yonse ndinkayang'ana paipi ya pakhosi. Pulasitala yoyera, m'mphepete yayamba kumatuka.

Minibasi mwini wake wapatsa dalaivala wina. Alamu akuganiza zogulitsa firiji. Iye wakana, akuti ayisi wake azimupeza kuti.

Kunja kwatentha. Anthu kumwa madzi m'misewu, kutsala theka n'kutaya, ena kudzithira kumutu. Kale sindinkaziona.

Lamulungu, 5 Okutobala

Kwa amayi. Chigubu anatuluka m'chipatala Lachisanu, wakulunga mpango pakhosi.

Titatha kudya Kadona anaimirira, akupukuta manja pa siketi. "Lachisanu ndinapita kuchipatala. Magazi anga ndi a amalume ndi gulu limodzi. Ndayamba zoyezetsa." Ine osandiuza. Timagona nyumba imodzi, timasamba sopo mmodzi.

Alamu anagwada pa simenti, pamaso pa mwana. Amayi manja m'mwamba. Achimwene aakulu kuwomba m'manja, kuwomba komwe kuja. Chigubu anati ayi, ayi, mwana uyu, koma mawu ake anali opanda mphamvu, ndipo maso ake ndinawaona. Waludzu sabisa.

Ine ndinati ndiwe mwana, sunabereke n'komwe. Anayankha osandiyang'ana: "Dokotala wati zaka zanga zakwana. Wina akalephera wina amalowa, si choncho amama?"

Mpando wa bambo anakhazikapo iye. Lalanje. Alamu anandinong'oneza kuti chovala chogonera chija chimukwana, tingochipinda m'munsi.

M'basi anakhala pawindo, chikwama pakati pathu. Phewa langa lili lokha.

Lero ndiye china chagwedezeka m'kati. Osati chifukwa cha Chigubu. Ndilembe zoona, osati chifukwa cha Chigubu. Mimba ya Kadona ija ndinkaisambitsa ine, ilibe ngakhale kachipsera.

Lolemba, 6 Okutobala

Ndadzikumbira ndekha dzenje.

M'mawa, Kadona akupesa wigi ya kasitomala pa tebulo. Ine n'kumafuna kumuthandiza. Ndinati usaope kubweza mawu, mwana wanga, ngakhale anthu awombe m'manja chotani. Ndinati kuchipatala kuja saulula, ali ndi kanenedwe kawo, palibe angakuloze chala. Ndinkayankhula ngati mayi wanzeru.

Anaika chipeso pansi. "Ndikudziwa. Anesi a magalasi anandiuza Lachisanu, atatseka chitseko. Akuti kwa abale amangoti madokotala aona kuti si woyenera kupereka." Anawatchula pang'onopang'ono, liwu ndi liwu, monga momwe dokotala anawauzira agogo ake za ine.

Amauza aliyense choncho. Anandiuza okha tsiku loyamba lija. Ine ndi mutu wangawu sindinaganize kuti wotsatira pa mpando womwe uja wa kwa anesi adzachokera m'nyumba mwanga.

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangofunsa, "Agogo akusala kudya chifukwa cha matenda ati?" Kenako anaika wigi m'jumbo n'kupita.

Kuntchito ndasita. Sindikukumbuka chiyani. Kampando ndakabweza ku kauntala.

Lachiwiri, 7 Okutobala

Kadona akundiyankha mwaulemu. Inde amama, ayi amama, makiyi ali pa msomali amama. Ulemu wopatsa mlendo.

Sanauze munthu. Foni ili zii, alamu sanaimbe, amayi sanaimbe. Katunduyo wandisiyira ndisenze ndekha.

Ndinapeza sutikesi yotsegula. Chovala chogonera wachitulutsa yekha, wachipachika kuseri kwa chitseko chake. Wachipinda kale m'munsi, ndi ulusi wakuda pa nsalu yapinki. Kusoka sadziwa mwanayu.

Lachitatu, 8 Okutobala

Ndinakhala pa benchi mpaka chitseko cha anesi a magalasi chinatseguka. Ndinati ndabwera kudzabweza kubweza kuja. Mawu anandisokonekera m'kamwa. Ndinawauzanso za Kadona, zonse.

Akuti n'zotheka, koma si malaya oti ndisiye lero n'kudzatenga mawa. Kuyambiranso. Kucheza ndi mlangizi, kudikira, zoyeza zina kubwereza. Wobweza amamulandira pomwepo. Wopereka kachiwiri amayamba amukayikira. Za Kadona sanganene kanthu kwa ine, monganso zanga sananene kwa iye. Kwa abale iwo sasintha mawu awo. Ngati ndikufuna amve zina, pakamwa ndi panga.

Kenako funso. "Mayi, mukufuna kupereka kwa achimwene anu, kapena mukufuna kuchotsa mwana wanu pa bedi lija? Ife impso ya munthu wopanikizidwa sititenga, ngakhale wodzipanikiza yekha."

Akuti ndibwere Lachitatu likudzali ndi yankho, lililonse lomwe ndingapeze, kwa iwo ayi ndi inde n'chimodzimodzi. Tiyi sindinamwe.

Lero Lachitatu. Amayi sanadye.

Lachinayi, 9 Okutobala

Ndapita pa makina. Kuntchito sindinapemphe n'komwe.

Chigubu anali maso. Timapaipi tsopano tikuchokera pakhosi, ndiye satembenuka bwino. Kabotolo kake pa kabati, madzi atsala pang'ono pansi, ndiwo omufikitsa mawa. Fani kungozunguza mpweya wotentha.

Ndinanena ndikuyang'ana makina. Kuti impso zanga zilibe vuto. Kuti palibe dokotala anandikana. Kuti ndinabweza ndine, ndekha, ndipo chifukwa chomveka ndilibe.

Magazi kutuluka, kuzungulira, kubwerera. Kenako misozi, kutsikira m'makutu, osaipukuta. Chimwalirireni bambo sindinamuonepo akulira. Anati, "Ine ndimapempherera impso zanu, achemwali. Ndimasiya zanga n'kumapempherera zanu." Patapita nthawi, "Amayi mukawauze lero. Asiye kudzipha ndi njala."

Za Kadona wati wamukana kale. Anamuimbira dzulo, ndipo madokotala wawauza m'mawa uno. Akuti Lamulungu lija ludzu linamupusitsa, koma mwana wa mlongo wake sachekedwa chifukwa cha iye, zivute zitani. "Ndiye ngati mwabwera kudzawombola mwana, wawomboledwa kale. Pitani ndi mtendere." Ndinati ndinakaonana ndi anesi dzulo. Anatsinzina. "Ya chisoni sindikufuna. Ya manyazi sindikufuna. Sungani."

Ndiye basi. Mwana ali bwino. Palibe akundiyang'ana, palibe akuwomba m'manja. Chitseko chotsegula. Ndinakhalabe. Lilime lili gwa, milomo kumatana, kuyambira m'mawa ndinali ndisanamwe kanthu.

Anandiyang'ana cham'mbali, mkwiyo ukadali pankhope, n'kukankha kabotolo kaja ndi chala mpaka m'mphepete mwa kabati. "Imwani. Milomo yachita kusweka, mukundichititsa manyazi pa anthu."

Ndinati amenewa ndi ako, akufikitse mawa. Wati, "Anga ndi anga. Ndimapatsa amene ndafuna."

Ndamwa. Kumeza kawiri, ofunda, fungo la pulasitiki. Chigubu, amene chibadwire sanasiyirepo munthu dontho.

M'basi ndalira mokweza ngati pamaliro, kondakitala mpaka anandidumpha. Zonse zija ndimazidikira zafika nthawi imodzi, manyazi, mantha, ndi chikondi chomwe, chopweteka ngati nsimbi pa chala. Kwa amayi ndadutsa. Ndanena. Anangonditembenuzira msana n'kuyatsa moto.

Lachitatu ndikupita kwa anesi. Mwina andikhulupirira, mwina ayi. Mwina Chigubu akanabe, makani anatengera bambo. Kadona sindinamuuze ndipo sindimuuza, izi si zake. Chovala chogonera ndachitsitsa kuseri kwa chitseko, ulusi wakuda ndasomola.

Posamba ndaika dzanja kumanzere. Lakhala pomwepo.

Yanga ndi yanga.